Zilembo Pansi pa Masamba

"Ndati tembenuka, abambo ako aone okha!"

Mawu a azakhali anamveka mpaka kumpanda. Unali m'mawa, tiyi akadali wotentha m'makapu. Pathebulo panali anthu anayi: abambo, amayi amene anthu ankangowatchula kuti Atelala chifukwa cha makina awo osokera, azakhali amene ankakhala nyumba yoyandikana koma tiyi ankamwera kuno tsiku lililonse, ndi mwana woyamba wa m'nyumbamo. Makolo ake ankamuitanabe kuti Chisamba ngakhale anali atakhala pabanja zaka zinayi. Anali atafika dzulo lake madzulo ndi kachikwama kamodzi, atasiya mwamuna wake yekha kutauni.

"Azakhali, tiyi wanu akuzizira," anatero Chisamba.

"Azizire! Powerama kutenga shuga ndaona pulasitiki kumsana kwako. Munthu amakulungidwa pulasitiki ngati nyama ya kubutchala?"

Chisamba anaika kapu pansi. Anatembenukira kukhoma, n'kutsitsa pang'ono khosi la malaya ake. Pansi pa pulasitiki yomatidwa ndi tepi panaoneka zakuda ndi zobiriwira, khungu la m'mbali lili psuu.

"Ndi tatuu. Si matenda."

Abambo anasiya kutafuna. "Mwamuna wako akudziwa zimenezi?"

"Sakudziwa."

"Nanga kuno wabwera masiku angati?"

"Ndabwera, bambo."

"Mwamva, achimwene?" azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Ati wabwera. Mwamuna waulemu ngati uja, wosamwa, wosasuta, wailesi iliyonse m'nyumba muno anakonza ndi iye. Malipiro ake ndi mkazi wodzilembalemba ngati khoma la sukulu."

Atelala anagwidwa ndi manyazi, chifukwa m'maganizo mwawo ankaona kale makasitomala awo akunong'onezana. Chisamba anatulutsa kapepala m'thumba n'kukaika pafupi ndi mbale ya amayi ake.

"Amayi, ndili ndi pempho. Dzanja langa silifika pamenepo. Pafunika kutsuka kawiri pa tsiku kwa masabata awiri."

"Wodzijambulitsa ndiwe, wotsuka ndikhale ine?"

"Ndilibe wina."

Abambo anatola kapepalako n'kuyamba kuwerenga mokweza, mawu ake akuwakoka dala ngati wolengeza maliro. Wotsuka ayambe wasamba m'manja. Madzi akhale ofunda pang'ono, sopo wopanda fungo. Kutsuka ndi zala, osati nsalu. Poumitsa osapukuta, kungodinda pang'onopang'ono ndi thaulo loyera. Mafuta ake kupaka ochepa kwambiri. Osakanda, osatong'ola nkhanambo, osakhala padzuwa.

"Ha! Khanda lobadwa masiku asanakwane," azakhali anaseka. "Alamu, mwapeza ntchito. Muziliimbiranso nyimbo kuti ligone."

Atelala anatsuka ndithu, chifukwa mwana ndi mwana. Ankachitira m'chipinda chosokera, chitseko chotseka, beseni lili pampando. Chisamba ankakhala pa kabenchi atakumbatira malaya ake pachifuwa. Atamatula pulasitiki tsiku loyambalo, Atelala anaona nthambi ya mtengo yoyambira paphewa lamanzere kutsika mpaka pakati pa msana, masamba ake othithikana, ena akuda, ena obiriwira. Pankatuluka timadzi tosakanikirana ndi inki. Anayang'ana kumbali. Za zala zija sanazimvere. Anadula kansalu kofewa pa zotsala zosokera, ndipo potsuka maso awo ankakhala pa kalendala ya pakhoma.

Tsiku lachitatu mkamwini anaimbira foni abambo. Analankhula mofatsa monga mwa masiku onse. Anati m'banja simulephera kusemphana mawu, mkazi wake apume kaye, adzabwera kudzamutenga Lamlungu la sabata yamawa. Abambo anamulonjeza kuti adzamupeza atalongedza.

Masana ake azakhali analowa m'chipinda chosokera n'kukhala pa mulu wa nsalu.

"Alamu, masiku khumi si ambiri. Mukufuna mwamuna uja adzapeze nkhalango ija kumsana kwa mkazi wake?"

"Nanga nditani? Si choko kuti ndifufute."

"Inu simudziwa? Zimenezi zikakhala zaziwisi zimachoka. Inki sinalowe bwinobwino. Madzi otentha, mchere, ndi chinkhupule. Masiku atatu okha, patsala chithunzithunzi. Adzalira lero, mawa adzakuthokozani."

Atelala anangopitiriza kupalasa makina. Koma m'mawa mwake madzi anawasiya pamoto nthawi yaitali, n'kuthiramo mchere wodzaza dzanja. Chinkhupule anachibisa pansi pa thaulo. Anadziuza kuti akupulumutsa banja la mwana wawo.

Anakhula kawiri kokha, pa tsamba la pamwamba penipeni.

"Mayo ine!"

Chisamba anadumpha, beseni n'kugubuduka, madzi ali mbwee pansi. Paphewa pake pankatsika magazi osakanikirana ndi inki. Anayang'ana chinkhupule chili m'manja mwa amayi ake, kenako anayang'ana nkhope yawo.

"Amayi, mukutani?"

"Ndimati mwina ingachepeko... mwamuna wako asanabwere."

Anayembekezera kukalipiridwa, ndipo kukanakhala kwabwino. Koma Chisamba anangoti, "Oo," n'kutola thaulo, kutuluka. Madzulo sanabwere kudzatsukidwa. Chakudya anadyera kuchipinda.

Kutacha, pamalo paja panali patatupa, pakutentha ngati mbale yochoka pamoto. Chisamba analowa m'chipinda chosokera foni ili m'manja, n'kuikweza mawu kuti onse amve.

"Ndi amene anandijambula. Akufuna alankhule ndi wotsuka."

Atelala ankaganiza kuti amva mawu a mnyamata wosuta chamba. Anamva mawu a mzimayi wamkulu, kumbuyo kwake mwana akulira.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Ndamva kuti mwachapa mwana wanu ngati poto wopserera."

"Ndinalakwitsa," anatero Atelala, mawu ali pansi.

"Ine ndinakhala maola asanu pamsana umenewo, khosi mpaka lero likundiwawa. Koma zanga zilekeni. Tatuu yatsopano ndi chilonda, amayi. Inki siichoka ndi mchere, chimene chimachoka ndi khungu. Ndiye khungu la pachipsera ndi lopyapyala, silichedwa kung'ambika."

"Chipsera chake chiti?"

Kufoni kunangoti zii. Mwana uja nayenso anakhala ngati wamva, analeka kulira.

"Chemwali, sunawauze?" anafunsa mzimayiyo. "Chabwino, si zanga zimenezo. Amayi, tayani nsalu. Sambani m'manja, tsukani ndi zala, mofatsa ngati mukusambitsa diso. Mukaona kufiira kukufalikira, kapena mafinya, kapena thupi latentha, musandiimbire ine, thamangani kuchipatala. Akatha masabata awiri abwere ndidzaone."

Foni itaduka, Chisamba anakhala pa kabenchi paja osauzidwa. Atelala anasamba m'manja kawiri. Anayesa madzi ndi chigongono, anapanga thovu m'manja, n'kuika zala pa tsamba loyamba. Aka kanali koyamba kukhudza msana wa mwana wawo chikulire chake.

Zala za telala sizinamizika. Zimadziwa msoko wobisika mkati mwa jekete, zimadziwa pamene wina anasokapo kale n'kusolola ulusi. Pansi pa masamba aja khungu silinali losalala. Panali mizere yotukuka, yolimba ngati chingwe. Poyamba anaganiza kuti ndi kutupa. Koma mzere unatsika, n'kukhota, n'kukumana ndi unzake. Chinali chilembo. Zala zinasunthira kumanja, zinapeza china. Chachitatu. Sanafunike kufika kumapeto. Dzina limenelo analidziwa bwino, chifukwa iwo omwe analipeta ndi ulusi wofiira pa mapilo a ukwati.

Thovu linaumira m'manja.

"Mwanawe, ichi n'chiyani?"

"Mwawerenga kale, amayi."

"Anachita ndi chiyani?"

"Kachitsulo kake kaja kowotcherera mawaya a wailesi. Anati ndinasekerera kasitomala wake. Anati alembe kuti ndisamaiwale mwini wake." Chisamba ankalankhula ngati akunena mtengo wa tomato. "Anatenga nthawi. Mukumudziwa, ntchito yake sapupuluma."

"Liti?"

"Chaka chija ndinabwera kudzakupemphani mabulauzi a makolala aatali."

Atelala anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Tsiku limenelo silinali loti achite kulifufuza m'mutu. Linalipo nthawi yonseyi, ngati nsalu yoipa imene munthu amaikankhira pansi pa mulu. Mwana anakana kuvula poyezedwa. Tepi itakhudza phewa anatsinzina n'kuluma mlomo. Kumsana kwa diresi lake kunali banga lachikasu, ndipo ankanunkha mankhwala a zilonda. Iwo anaona zonsezo. Funso linafika pakamwa, koma anadziwa kuti akafunsa ayankhidwa, ndipo akayankhidwa mpongozi wabwino uja atha, mtendere wa m'nyumba utha, anthu alankhula. Ndiye anangoti, "Wanenepa, banja likukuyanja." Anasoka mabulauzi asanu, makolala ofika m'khosi, misoko yowongoka bwino. Anamuperekeza okha kokwerera basi.

"Malizani, amayi, sopo akuuma," anatero Chisamba.

Anadzuka, anatsukuluza, anadinda ndi thaulo, anapaka mafuta ochepa ngati kambewu ka mpunga.

Kutupa kuja kunaphwa patatha masiku awiri. Kenako khungu linayamba kusupuka, timamba takuda tikugwera pansalu zogonera. Kuyabwa kunafika poti Chisamba ankayenda uku ndi uku m'nyumba zibakera atakunga, akutukwana mtengo ndi masamba ake omwe.

"Amayi, ndikandeni pang'ono pokha, chonde!"

"Kapepala kakukana."

"Lero ndiye mwasanduka a kapepala?"

M'malo mokanda, ankamumenya mbama zofewa ndi chikhatho, pha, pha, pha, mpaka kuyabwa kutaleka. Tsiku lina onse awiri anaseka. Koma pamene khungu lakale linkachoka, masamba anatuluka owala bwino kupatula limodzi la pamwamba lija. Linatuluka lotuwa, lodukaduka. Mwini wake sankatha kuliona. Atelala ankaliona kawiri pa tsiku.

Ndipo abambo sanawauze. M'mawa uliwonse ankati ndiwauza tikamwa tiyi, koma azakhali amakhala alipo. Masana ankati ndiwauza akabwera kudimba, koma amabwera atatopa. Ankadziwa chimene chinkawatseka pakamwa. Akanena za zilembo, abambo adzafunsa kuti zinachitika liti, ndipo nkhani ya makolala idzatuluka. Lachisanu anapeza abambo akupukuta chikwama cha Chisamba kuti chidzaoneke bwino paulendo. Anaima pakhomo, anatsegula pakamwa, n'kufunsa ngati nkhuku zapatsidwa madzi.

Mkamwini anafika Lamlungu masana, malaya oyera ositidwa bwino, m'manja muli jumbo ya shuga ndi sopo. Anagwada popereka moni. Anafunsa za bondo la abambo, anafunsa ngati nyale imene anaika pamakina osokera ikuyakabe. Chisamba anakhala pampando wa pakona, manja ali pamiyendo. Atelala anaona kuti chikwama chake sanalongedze, komanso anaona kuti nsapato wavala. Anamvetsa. Akamukakamiza lero, atuluka pakhomo lino, ndipo sapita kwa mwamuna wake, sabwereranso kuno.

"Apongozi," anayamba abambo, "ife takamba naye. Ndi mwana, mumukhululukire."

"Palibe mlandu, bambo. Inenso ndine munthu, mwina penapake ndinalankhula mokweza."

"Koma pali kanthu kena," azakhali analowerera, "kuli bwino mumvere kwa ife. Mkazi wanuyu wadzijambulitsa tatuu. Iwe, gwada upepese."

Kumwetulira kwa mkamwini kunakhalapobe, koma maso anasintha.

"Pati?"

"Kumsana."

"Mbali iti?"

Mkamwini anatembenukira kwa mkazi wake, mawu ake atatsika, osalala ngati mpeni wonola kumene.

"Unavulira ndani? Tikakambirana kunyumba. Tenga chikwama."

Chisamba anayang'ana amayi ake. Sikunali kuyang'ana kopempha. Kunali kwa munthu amene akudziwa kale yankho, akungodikira kuti alimve. Ndi kumeneko kunawadzutsa Atelala pampando.

"Abambo, kasambeni m'manja."

"Chakudya chapsa kale?"

"Kasambeni m'manja ndi sopo, mubwere kuno." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Chisamba, msana ndi wako. Ukakana, ndikhala pansi."

Chisamba anatembenuza mpando, n'kutsitsa malaya paphewa.

"Ine ndigwire msana wa mwana wamkulu chonchi?" abambo anabwerera m'mbuyo. "Amake mwana, mutu ukuyenda bwino?"

"Lero lokha ukuyenda bwino. Bwerani."

Mawu amenewo abambo anali asanawamvepo kwa akazi awo. Anapita kukasamba, anabwera manja akudontha madzi. Atelala anagwira chala chawo cholozera n'kuchiyendetsa pansi pa masamba, pang'onopang'ono, monga amachitira mphunzitsi ndi mwana woyamba sukulu. Kutsika, kukhota, kukumana. Milomo ya abambo inkayenda yokha potchula zilembo. Pa chachinayi anachotsa dzanja ngati apsa.

"Bambo, zimenezo ndi zakale," mkamwini anaseka pang'ono. "Masewera a anthu okondana. Tinagwirizana, mufunseni."

"Unandimanga manja ndi waya," anatero Chisamba, nkhope ili kukhoma.

Azakhali anagwira pakamwa. Abambo anayang'ana chala chawo, kenako mwana wawo.

"Mwananga, bwanji sunanene? Bwanji waphimba? Ukanabwera nacho kudzationetsa..."

"Ndinabwera nacho chili chachiwisi, bambo. Ndinagona m'nyumba muno masiku atatu chafufumimba. Pampando sindinkatsamira. Palibe anandifunsa chifukwa chake."

"Sitinaone, mwananga."

"Ine ndinaona."

Onse anatembenukira kwa Atelala. Mawu atangotuluka, ena onse anatsatira okha.

"Ndinaona banga pa diresi. Ndinamva fungo la mankhwala. Ndinadziwa kuti pali chilonda, ndipo ndinadziwa kuti sanagwe pa njinga. Sindinafunse. Ndinamusokera makolala kuti anthu asaone, kuti inenso ndisaone. Ndinamukweza basi ndi manja angawa. Sabata yathayi ndinamukhulanso ndi mchere kuti abwerere kwa munthu ameneyu ali woyera. Masiku onsewa ndakhala ndikudziwa za zilembozi, inu mukupukuta chikwama, ine duu." Anapuma. "Kachitatu ayi. Mwana sapita. Mukamutulutsa, mutulutse ndi ine."

Abambo anawerama, anatola jumbo ya shuga ija, n'kuiika m'manja mwa mkamwini. Anapita kukatsegula chitseko n'kuima pambali.

"Bambo, tiyeni tikambirane ngati amuna."

"Ndawerenga kale zimene unalemba," anatero abambo. "Tuluka dzanja ili lisanaume."

Anatuluka. Anamumva mkamwini akumenyetsa geti. Azakhali anadzuka, anayenda masitepe awiri kulowera kwa Chisamba, n'kuima. "Za mchere zija, ndinali ine," anatero, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalire anapita kwawo osatsanzika.

Dzuwa litapendeka, Atelala anatenga beseni monga mwa nthawi zonse. Anatsuka, anadinda, anapaka. Anayembekezera kuti mwana anene kanthu, kaya kuwakhululukira kaya kuwatukwana. Chisamba anavala malaya, anafika pachitseko, n'kuima.

"Ndinkadziwa kuti munaona, amayi. Kachitsulo kaja kanawawa tsiku limodzi ndi masabata angapo. Zanuzo zinatenga nthawi."

Anatuluka. Atelala anakhala ndi beseni pamiyendo mpaka madzi anazizira.

M'mawa mwake Chisamba anavala malaya otakasuka n'kunena kuti akupita kutauni, wojambula uja akaone mmene papolera, kenako akadutsa kupolisi. Sanapemphe womuperekeza. Atelala anavundikira makina, anatenga kachikwama kawo, n'kumutsatira. Mwana sanawaletse, komanso sanawadikire.

Minibasi inali yodzaza. Anapeza malo kumbuyo kwenikweni, pampando wong'ambika, chitsulo chake chili pamtunda. Kuseri kwa mpandowo kondakitala anali atapanikizako matumba a makala ndi njinga ya mwana, chogwirira chake chitatulukira pamene pafike phewa la Chisamba. Iye anakhala chowerama kutsogolo, atagwira mpando wa patsogolo pake, kuti msana usakhudze kanthu.

"Amayi akumbuyo, sunthani, pakhala anthu anayi pamenepo!" anakuwa kondakitala.

"Anayi ake ati? Ukatiyeze ndi tepi," anayankha Atelala, anthu n'kuseka.

Galimoto itanyamuka, anatambasula mkono wawo kumbuyo kwa mwana, pakati pa msana ndi chitsulo chija, chikhatho chitaphimba chogwirira cha njinga. Msewu unali wa maenje. Pa bampu iliyonse chitsulo chinkawadya pachigongono, matumba n'kumawapanikiza zala. Asanafike ndi theka la ulendo, mkono wonse unachita dzanzi. Sanauchotse.

Chisamba anakhalabe chowerama, maso ali pawindo. Anadutsa msika, anadutsa mlatho. Atafika pa chigayo, pamene msewu umayamba kukwera, anapumira m'mwamba, anasiya mpando wa patsogolo uja, n'kutsamira pang'onopang'ono pa mkono wa amayi ake.